Telala wa pa Lizulu

Chaka choyamba inali nkhani ya ludzu basi.
Bambo anga a Lufeyo, telala wa pakhonde la sitolo,
ankamaliza chigubu cha madzi tiyi asanawire,
mu Juni, chifunga chitatseka msewu wa ku Dedza.
Usiku chitseko chinkalira kanayi, kasanu.
M'mawa nyerere zili piringupiringu kuseri
pomwe iwo anatayira madzi.
Tinaseka. Tinati ndi ukalamba.

Kenako anayamba kubweza mathalauza awo omwe.
Munthu wodziwa chiuno cha aliyense pamsika
anadziyeza yekha ndi tepi, n'kukhala duu,
n'kutenga choko.
Mainchesi awiri pa Pasaka, atatu pokumba kachewere.
Anthu ananong'onezana za matenda ena aja.
Ku chipatala cha Ntcheu anawabaya chala,
kadontho kamodzi, kamakina n'kutchula nambala.

"Shuga? Ine wa masupuni atatu okha?"
Sanawerenge mandasi a kwa Esinati,
botolo lozizira la masana,
tchipisi cha pachiwaya chodya choimirira
mkwatibwi akudikira diresi.

Zaka makumi atatu, pamaso pa mashini awo,
kabichi, mpiru, zitheba, nyemba, tomato
zinkakwera malole a ku Lilongwe ndi ku Blantyre,
iwo akuzitsazika ndi banzi m'kamwa.

Namwino Nangozo anawauza mosapsatira:
iyi si mbava yoti muithamangitse, bambo,
ndi ng'ombe yolusa, yabwera kudzakhala.
Muiwete. Mukaisiyira chipata idya munda.

Anaiweta miyezi isanu ndi umodzi.
Thupi litabwerera, mapiritsi anatsalira m'kabati
pamodzi ndi mabatani akale.
Shuga sachita phokoso.
Amasoka chamkati ngati mpendero,
ulusi wake suoneka kunja.

Chaka chachisanu bowo la singano linasowa.
Ankanyambita ulusi, kulasa, kuphonya,
n'kunamizira mitambo, n'kunamizira fakitale.
Chachisanu ndi chitatu phazi lopalasa mashini
linaleka kumva chitsulo.
Tsiku lina anayenda ndi phini m'chidendene
kuchokera pamsika mpaka kunyumba.
Tinazindikira ndi magazi pa sokosi.
Kabala kochepa ngati njere ya mapira
kanatenga dzinja lonse kuti katseke pakamwa.

Tsopano singano yabwerera mwini wake.
M'mawa uliwonse amatsina khungu la pamimba
monga ankatsinira nsalu,
kabotolo n'kubwerera mumphika wa mchenga wonyowa
kuseri kwa chitseko.

Mbale ndimagawa ine.
Theka ndi masamba: lero chisoso, mawa bonongwe,
nkhwani wotendera tikapeza nsinjiro.
Nyemba chikho chimodzi.
Mgaiwa mtanda wofanana ndi chibakera chawo,
ndipo amakunga chibakeracho mofufumitsa
kuti andibere pang'ono.
Tiyi wopanda kanthu amamwa atatsinzina
ngati akumva uthenga wa maliro.
Paukwati wa mdzukulu anabisa keke m'thumba la jekete,
nambala ya Lolemba inawaulula.

Sindinama, masamba sanabweze maso.
Chomwe chinapita chinapita.
Koma phazi lilipo, zala zonse zisanu,
ndimaziwerenga madzulo ndi tochi ya foni,
kusuzumira pakati pake ngati wofuna nsabwe mumsoko.
Mnzawo wa bawo, a Zakeyu, amene ankati
mwamuna sadya udzu ngati mbuzi,
bwenzi lero akuseka nafe.
Mpando wawo tinaikapo dengu.

Dzulo ndalowetsa ulusi m'singano khumi,
ndazibaya pa kapilo kuti ziwakwanire tsiku.
Atandigwira dzanja anati,
"Iwe Feliya, madzi ukumwawa achuluka."
Ndinati ndi dzuwa, bambo.
Kunja kunali chifunga.

Lachinayi tikwera minibasi imodzi.
Iwo ndi kabuku kawo kakuthaitha,
ine ndi chala changa.