Wonong'oneza

Bukulo n'lonenepa, chikuto linasiya ku Soweto Market.
Mayi Nasilele analisenga ndi pensulo yofiira
mpaka chikondi cha zaka zisanu ndi ziwiri
chinakwana mu ola limodzi ndi theka,
poti holo ya ku Chilenje
akwaya amaifuna ikamakwana naini.

Bwana wa minda ndi akavalo ndi Yotamu,
wowotcherera mageti ku Kalingalinga.
Jekete lake la pa salaula
manja ake amathera panjira,
zipsera za moto zili pamtunda.
Namwali wokanidwa ndi Tilyenji
amene masana amatumiza ndalama za eni
m'kanyumba kachikasu pa siteshoni.
Chipale chofewa ndi thonje la m'pilo wanga.
Kavalo ndi zikho ziwiri m'manja mwa mwana.

Ine malo anga ndi kuseri kwa nsalu,
pa kireti, buku pabondo.
Wina mawu akamuthawa
ndimamuponyera ngati chenji.
Palibe anagulapo tikiti kuti adzandione.

Mbali inayo, moyang'anana nane,
Velenasi akudikira nthawi yake.
Ndiye mayi wa namwali, mizere isanu basi,
singano ili pakamwa, akusoka diresi ili pathupi.
Tinakulira mumsewu umodzi ku Kabwata.
Ndinanyamula mipando pa ukwati wake,
ndinanyamulanso mipando pa maliro a mwamuna wake.

Loweruka, pa tsamba lomaliza,
Yotamu atagwada, thalauza likudandaula,
magetsi anazima.
Wina kumbuyo anaseka, wina anatukwana,
kenako mafoni anayaka umodzi umodzi
kuloza kutsogolo konse.
Kuseri kwanga kunalibe woloza.

Yotamu anatsokomola kawiri,
chizindikiro chathu.
Buku linali lakuda bii.

Ndiye ndinanong'oneza zomwe ndinali nazo:
Ndakhala ndikudutsa pakhomo pako
ndi njira yoti si yanga.
Yotamu anabwereza, mawu ngati chitsulo.
Ndimadziwa kutsokomola kwako pakati pa anthu zana.
Anabwereza.
Ndakalamba ndi moni m'kamwa.
Apa anazengereza, mnyamata wa zaka makumi awiri,
koma anabwereza.

Nthungululu zinang'amba denga.
Tilyenji analira misozi yomwe sitinayeserere.
Mayi Nasilele, pambuyo pake, anafufuza masamba onse
nati, mzungu ameneyu ankalemba, inu,
koma zili pati?

Tinapinda nsalu, tinatola thonje pansi.
Za pakhomo zinakwana kulipira holo
ndi mabotolo asanu ndi atatu.
Velenasi sananene kanthu.
Anangonditenga dzanja la malaya,
batani linali lende,
nalisoka ndili chiimire,
nadula ulusi ndi mano
pafupi kwambiri ndi mtsempha.

Basi ya ku Kabwata inali itatsala malo awiri.
Kondakitala anafunsa ngati tili limodzi.
Ndinadikira wondinong'oneza.