Kugogoda kwa Pansi

Jelevaziyo anaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini,
chigwiriro chake pakhutu langa.
"Imva wekha," anatero.
"Ndikanena ine uziti ndaona thumba lako."

Ndinamva.
Pansi pa kulira kwake kwa masiku onse,
ng'ing'ing'i uja amene ana a ku Domwe amamuthamangira,
munali wina akugogoda.
Osati mwaukali ayi.
Ngati mwini ngongole yakale
amene akudziwa kuti muli m'nyumbamo.

Pamwamba tinakonza kale, kawiri.
Pisitoni ndi maling'i ndi ntchito ya masana amodzi,
kuvula chipewa n'kuvekanso.
Koma uku n'kunsi, kwa kambota ndi biyela,
ndipo kumeneko safikako
osang'amba injini pakati ngati dzungu.

Anagwira maginito ndi zala ziwiri, n'kugwedeza:
khwekhwerere, ngati dzino la nkhalamba.
Anamasula pulagi.
Tinyenyeswa tachitsulo tinali mbuu pamenepo.
"Yayamba kudzidya yokha.
Metikali zikwi zisanu ndi zinayi,
ngati mkatimo sitipezamo zina."
Anapukuta manja pa ovolosi.
"Ndipo timapezamo zina nthawi zonse."

Tsidya la msewu, pasitolo yaikulu ya mu Ulongwe,
zaima zatsopano, zofiira,
mapulasitiki akadali pamipando.
Sizisuta.
Sizifuna kuti m'mawa kuzizira
uziyeza oyilo ndi kachitsekero ka botolo
n'kumakhutchumula petulo ngati mankhwala a chifuwa.
Amati lipira theka, zotsala ukakolola.

Usiku Anasitansiya anawerengera
kuseri kwa lisiti la feteleza.
Matumba a kachewere akuti.
Fizi ya Lukireshiya yakuti.
Malata awiri odontha aja.
Anadula mzere pansi pake mpaka pensulo kuthyoka.
"Chitsulo sichidziwa dzina lako," anati.
"Gulitsa chikadalira."
Akulankhula choncho, dzanja lake linali pa katumba,
likusisita chipsera chija
chimene ekizozi inamudinda tsiku loyamba kumukweza,
chaka chimene fodya anagulidwa bwino ku Furankungo,
pamene ankandigwira malaya okha
poopa kundigwira m'chiuno.
Sindinamuuze kuti ndaona.

Ndinayesa kuiwerengera milandu yake.
Inandigonetsa m'dambo la Lifidzi mvula ikugwa.
Inadya malipiro a chaka cha nyemba.
Malaya anga onse amanunkha utsi wake,
ngakhale a kutchalitchi.
Koma inakwezapo chitseko, nkhumba yamoyo,
makina osokera, ndi mlamu wanga woledzera,
ndipo pa chitunda cha ku Tsangano
pamene zofiira zija zimapuma wefuwefu
iyo imangokweza mawu n'kukwera.

Kodi zimenezi zimalowa pati pa lisiti?

Lachitatu tinaing'amba.
Mbali ziwiri zinagona pa katoni, kukamwa yasa,
ndipo tinapezamo zina, monga ananenera:
bering'i imodzi yapsa mpaka kubiriwira,
masiilo auma ngati chikopa cha pang'oma.
Pamenepo mpata wobwerera unalipobe.
Munthu wa zitsulo zakutha amagula pa kilo,
ndipo anali ataima kale pakhomo ndi sikelo yake.

Kambota saiwongola ndi nyundo.
Imafuna makina opanikizira, ndipo ali ku Tete,
kutsika phiri lonseli mpaka kumene malambe ayambira,
kudutsa fumbi lakuda la Moatize,
kumene thukuta limayamba dzuwa lisanatuluke.

Ndiye pano ndili m'shapa ya m'mamawa,
ndapanikizika pakati pa dengu la kabichi ndi msilikali wogona.
Pamiyendo panga, m'malaya akale,
ndafukata makilo atatu achitsulo.
Theka la ndalama ndi langa.
Theka lina ndinalipeza m'thumba la jekete,
lokulungidwa m'lisiti la feteleza.

Kondakitala akuloza ndi chibwano:
"Katunduyo alipiridwe."
Ndikuti, "Si katundu uyu, achimwene.
Ndi wodwala."