Wophika Buledi wa ku Mirandela

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikudzuka
tambala asanaganize n'komwe zolira,
kukanda ufa wa tirigu mpaka zikhatho kuyera mbuu,
ndipo msewu wonse unkadziwa fungo la uvuni wanga.
Buledi wanga analibe chinyengo:
ufa, madzi, mchere, chofufumitsa, basi.

Ndiye dokotala Valadares atandiuza, maso ali papepala,
kuti tirigu ndiye wakhala akundipala m'matumbo,
ndinaseka.
Ndinati mwanayu sukulu yamupitirira.
Tirigu wa m'munda mwa Eusébio, kutsidya kwa mlatho,
wosadziwa ngakhale dontho la mankhwala,
angandidye bwanji ine amene ndimamudya?

Koma mimba sinama.
Inkatupa ngati mtanda woiwalidwa pafupi ndi moto,
miyendo lende, lamba kusowa pogwira.

Graciete, mkazi wanga, sanadabwe.
Iye wakama mbuzi kuyambira ali kamtsikana,
koma kapu imodzi ya mkaka
imamuthamangitsa usiku wonse.
Anangoti, "Takulandirani, bambo,"
n'kundikankhira mbale ya nyemba ndi kabichi,
atathiramo mafuta a azitona a m'mitengo yathu.

Mwezi woyamba ndinkadya ngati wolira maliro.
Wachiwiri ndinayamba kumvetsera.
Mpunga unkadutsa mwaulemu.
Mbatata yootcha inkagona bwino.
Anyezi wosaphika ankabwerera kukhosi kudzandifunsa mafunso,
ndinamusiya, ngakhale dokotala sanamutchule.
Zonsezi ndinkalemba m'kabuku ka ngongole za makasitomala,
pansi pa dzina la Albertina
amene sanandilipirebe mpaka lero.

Lamulungu tikakhala patebulo, mlendo angasokonezeke.
Mkamwini wathu Telmo ali ndi matenda a shuga:
nkhuyu zakupsa amaziyang'ana ngati chibwenzi chakale,
amadya imodzi, theka nthawi zina.
Lurdes ali ndi pakati, magazi achepa,
mbale yake yadzaza chiwindi ndi masamba obiriwira.
Kamdzukulu kokha ndiko kamadya zonse,
mpaka dothi la mumphika wa maluwa.

Dimba ndi limodzi, mvula ndi imodzi,
koma aliyense thupi lake limayankha zake.

Uvuni ndinamusiyira Lurdes.
Ufa wouluka nawonso akuti sundifuna,
choncho mbandakucha ndimakhala panja pa benchi,
jekete mpaka m'makutu,
kumva fungo likutuluka pawindo
ngati moni wa mnzanga amene tinasiyana popanda ndewu.

Dzulo Eusébio anaima ndi thirakitala yake,
nandifunsa ngati tirigu wake ndamukwiyira.
Ndinati ayi, tirigu wako ndi wabwino,
pita ukaone mzere pakhomopo.
Kenako ndinasenda dzira langa lowiritsa,
kuwaza kamchere,
ndipo ndinadya pang'onopang'ono
mpaka dzuwa linafika pa nsapato zanga.