Mwapita ndi Mchere

Pa Bangula, pansi pa msawu wa kuseri kwa depoti,
mnyamata wolowetsa nyimbo m'mafoni
wakhala akuliza imodzimodzi chiyambire m'mawa,
sipika yake yong'ambika ikunjenjemera ngati ya malungo.
Woyimbayo sindimudziwa. Mawu ake ngosasa,
ulimba ukumutsata m'mbuyo ngati mbuzi yokana chingwe,
ndipo pakati penipeni amangoti:
Amayi, mwapita ndi mchere.

Chaka chatha ndinkaseka.
Ndinkati ameneyu mawu amuthera,
mchere si uwu wadzaza m'mabenchi
pafupi ndi tomato wofota?

Tsopano ndi Okutobala. Dothi likuwotcha ndi m'patapata momwe.
Amayi tinawaika kwa Tengani mu Juni,
mapira asanathe kupuntha.

Ndinafunsa Zuze wa kabaza.
Anati n'zosavuta, akunena misozi:
ukalira masiku ambiri imaleka kuwawa pa lilime,
imangokhala madzi.
Anatero akupopa tayala, osandiyang'ana.
Ake anapita ndi madzi osefukira, manda alibe,
choncho sindinamutsutse.

Mlongo wanga Donaliya, pa foni kuchokera ku Nchalo,
mphepo ya m'nzimbe ikudula mawu ake, anati ayi.
Waiwala kodi ana a kwa Fombe
ankabwera madzulo ndi chivindikiro cha botolo,
akuti atituma kamchere?
Wapitako liti kwathu? Ukaone.
Palibenso wobwera kudzapempha.
Khomo losapemphedwa mchere ndi bwinja, m'bale wanga,
ngakhale lisesedwe kawiri pa tsiku.
Kenaka mayunitsi anatha.

Loweruka ndinapita.
Bambo ndinawapeza akusoka ukonde umene sagwiritsanso ntchito.
Ndinatenga mlamba wowamba, ndinauthyola patatu,
anyezi mmodzi, madzi pang'ono.
Ndinathira mchere ndi supuni. Ndinalawa: zii.
Ndinawonjezera. Ndinalawa: nyanja ya ku Beira.
Ndipo ndili chiimire pamenepo, utsi uli m'maso,
ndinaona zala zawo zitatu
zikulowa m'kachitini ka dzimbiri,
osayang'ana, akukalipira nkhuku,
kenaka kadontho ka msuzi pa chikhatho, lilime,
ndi kuwaza kwachiwiri kochepa ngati kupepesa.
Muyeso sunali m'chitini.
Unali m'zala,
ndipo zalazo tinazipinda tokha pa chifuwa
n'kuziphimba ndi nsalu yoyera.

Bambo anadya osanena kanthu.
Anamwa makapu atatu a madzi.
Pomaliza anati, waphika bwino.
Bodza limenelo linandiwawa kuposa nyimbo.

Sindikudziwa ngati woyimba uja ankanena zimenezi.
Mwina ali ndi chake chimene sanauze munthu,
mwina mayi ake ankagulitsa mchere pa Ngabu
ndipo anagwa m'njira ndi dengu kumutu.
Mwina Zuze ndiye walondola. Mwina Donaliya.
Mawu anayi okha, koma aliyense akulowamo
ndi maliro ake, ndipo akukwana.

Lolemba ndinabwerera pa msawu paja.
Ndinati, ndiikire ija ya mchere.
Mnyamata anayang'ana foni yanga nati yadzaza,
tifufute china.
Anayendetsa chala, napeza kamawu ka masekondi khumi ndi limodzi
kochokera pa nambala ya neba wathu.
Aka n'kofunika?
Anakatsegula ndisanayankhe,
ndipo pa depoti ponse, pamwamba pa mahutala a minibasi,
m'sipika yong'ambika ija, munamveka amayi:

Iwe, ukumva? Chikujambula ichi?
Ukamabwera ugule mchere.
Wamiyala, osati wa m'pepala uja.

Mayi wogulitsa masawu anatembenuka.
Mnyamata anadikira, chala chili m'mwamba.
Ndinalanda foni yanga.
Nyimboyo ndimaimvera kwa iye komweko,
ndikamadutsa.