Kabuku ka Ejenti wa pa Mpondabwino

Ndimatsegula kanyumba kanga kachitsulo
nkhungu isanachoke Ku Chawe:
foni ziwiri, kabuku, ndi cholembera chomangirira ku chingwe
kuti asapite nacho.
Nkhani sindizifuna ine. Zimabwera zokha
zitakulungidwa m'ndalama zonyowa ndi thukuta.

Woyamba ndi Twaibu wakabaza,
maso ali psuu, wagona pa mzere wa petulo ku Chinamwali.
Akuti mafuta kulibe mpaka mwezi wamawa.
Wakuuza ndani?
Mawu a pa Watsapu, bambo wopanda dzina
amene amayamba ndi "abale anga, ndili pompano."
Pompano kuti, Twaibu?
Aseka, atapa faifi sauzande, aliza njinga.

Cha m'ma teni afika Bambo Likoswe,
amene anakalambira ku nyumba yosindikiza ya boma
akusanja zilembo za malamulo chimodzichimodzi.
Adzaona ngati penshoni yalowa.
Sinalowe.
Akuti kale lamulo linkalemera, unkalinyamula ndi manja awiri,
inki yake inkakhala m'zikhadabo mpaka Lamulungu.
Lero ulimva usiku pa wailesi,
m'mawa khothi laliimitsa,
dzuwa lisanapendeke oimitsawo aimitsidwanso.
Ndimawakokera benchi. Sagula kanthu,
koma amandiyang'anira pakhomo ndikapita kukamwa madzi.

Ndaziona wa ku Chirunga, wophunzira zamalamulo,
anandimasulira tsiku lina akudikira ndalama ya lendi:
chiletso si chigamulo, anti,
ndi kungonena kuti taimani kaye pomwepo.
Ndinati zimenezo ndiye ndimazidziwa.
Netiweki ikagwa, ndalama imachoka kuno
koma uko siifika.
Wotumiza andikalipira, wolandira andiimbira,
ndipo ndalamayo ili m'malere, ya aliyense, yopanda mwini.
Mwina dziko lonseli lili pamenepo,
lachoka, silinafike,
ndipo tonse taunjikana pa windo kuyang'ana kagalasi.

Za Mayi Nasiyaya sindizinena moseka.
Anawaimbira munthu waulemu, wotchula dzina lawo lonse,
akuti dzina latuluka pa feteleza,
angotumiza pang'ono ya fomu.
Ndine ndinadina manambalawo. Ndine.
Fote sauzande, ya tomato wa miyezi iwiri.
Ndinafunsa kamodzi kuti mukumudziwa? Anati eya.
Ndikanafunsa kawiri.
Anthu amati oimbawo ali kuseri kwa mpanda wa ndende uko,
ena amati ali m'maofesi, avala tayi.
Chimene ndikudziwa n'chakuti tonse tinaima padzuwa
kulembetsa masimu ndi zitupa zathu,
koma wakubayo ndi yekhayo amene sadziwika nkhope.

Masana galimoto ya zimkuzamawu idutsa,
nsalu za chipani zikuuluka kumbuyo,
ilonjeza mlatho, misika, ntchito za achinyamata.
Ana aithamangira mpaka pa Likangala.
Ina idzadutsa Loweruka, ya mtundu wina,
nyimbo yake yomweyo, angosintha dzina pakati.

Madzulo ndiwerengera.
Komishoni ndi yomwe ija ya chaka chatha,
manambala sanasunthe ngakhale pang'ono,
koma shuga amene ndinkagula paketi
lero ndikugula wa m'kapepala.
Pa wailesi katswiri akuti chuma chikukhazikika.
Mwina chakhazikikadi, kwinakwake,
pampando umene ine sindinauone.

Ndikutseka, Twaibu abwerera, thanki yodzaza.
Mafuta afika folo koloko.
Nanga bambo uja wa pompano?
Aiwala kale. Ali ndi mawu ena atsopano,
akufuna ndimvere, akuti awa ndiye enieni.

Ndikana. Nditsegula kabuku kanga
pa tsamba la lero, la mizere makumi atatu ndi umodzi:
dzina, nambala, zingati, saini.
Apa pokha ndi pamene munthu amalemba zimene wachita
n'kusainira yekha.
Mzere wa Mayi Nasiyaya ukadalipo, masamba asanu kumbuyo,
ndi chala chawo cha inki pambali.
Sindinaufufute.