Mitengo Itatu ya Momiji

Mwana wanga Fusae anaibweretsa mu Epulo,
itatu, mizu yokulungidwa m'ziguduli zonyowa,
mphatso yanga yopumira ntchito.
"Bambo, musaiphe," anatero akuseka,
nakwera sitima yamadzulo kubwerera ku Osaka.

Ndinakumba maenje kumadzulo kwa nyumba,
pamtetete popanda mthunzi,
poti ndinkafuna kumaiona ndikamamwa tiyi.
Kulakwa koyamba kunali kumeneko.

Julaye atafika
mphepo yotentha inadzaza chigwa cha Matsumoto
n'kunyambita masamba monga kandulo achitira pepala.
Tizala ta tsamba lililonse
tinafota kuyambira kunsonga,
tinapindika, tinauma gwaa,
ukati ugwire, tangonyenyeka m'manja.

Mantha anandigwira, ine ndinagwira ndowa.
M'mawa madzi, masana madzi,
usiku tochi kukamwa, madzi.
Ndinagula feteleza wa m'botolo,
ndinagula mankhwala a nsabwe
zimene sindinazione n'komwe.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ndikuyendetsa sitima
osachedwa ndi mphindi,
lero ndagonja kwa timitengo tondilekeza m'chiuno.

Ndipo Fusae akubwera pa Obon. Kwatsala masiku khumi.

Ndinapita kwa a Tokuji ogulitsa mbande,
chikwama m'manja, mawu apansipansi ngati mbala:
"Ina itatu, yofanana ndi ija. Iye asadziwe."
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi,
navala jombo osayankha,
tinakwera kalole kawo koyera mpaka kwathu.

Anagwada. Anapisa chala m'dothi,
chinatuluka chili matope okhaokha.
"Mukuimiza m'madzi. Muzu nawo umapuma."
Anakanda khungwa ndi chikhadabo,
kabala kochepa ngati njere ya mpunga:
m'kati mobiriwira, monyowa.
"Taonani. Maliro ake ndi a ndani pano?"

Anandilozera pamene phesi la tsamba louma
likumana ndi nthambi,
kadiso kofiira, kotsinzina,
masamba a chaka chamawa atapindidwa kale
ngati kalata yodikira sitampa.

Botolo la feteleza analanda naliponya m'lole.
"Wodwala m'mimba sumupatsa nyama yonona."
Madzi kawiri pa sabata, modontheza, alowe pansi,
m'mamawa dzuwa lisanakwiye.
Makungwa a mkungudza kuzungulira tsinde
koma asakhudze khosi.
Nsungwi zinayi, ukonde wakuda pamwamba,
dzuwa lamasana lilowe mopempha.
Masamba opsawo musathothole, adzagwa okha,
opsa choncho akufunditsabe nthambi.

"Nanga china choti ndichite?"
"Khalani pansi."

Sanandigulitse kanthu.
Anangomwa tiyi wa balele wozizira, makapu awiri,
nadandaula za bondo lawo, napita.

Kukhala pansi!
Ntchito yowawa kuposa zonse zimene ndinalembedwapo.
Ndowa imandiitana pakhonde,
ine manja m'thumba ngati mwana woletsedwa shuga.
Nyenje zikulira, masamba akugwa limodzilimodzi,
ndimawerenga, ndimaleka, ndimayambanso.

Fusae wafika dzulo.
Anaima pamaso pa mitengo nthawi yaitali, chikwama chikadali paphewa.
"Mwaimangira kanyumba?"
Ndinamuonetsa chipsera cha chikhadabo,
ndinamuonetsa kadiso kaja.
Anawerama kuti aone bwino,
ndipo m'pamene ndinaona ineyo:
khosi lawonda, kunsi kwa maso kwada,
zikhadabo zolumidwa mpaka pamnofu.
Osaka wamuwamba nsonga mwana wanga.

Mafunso anadzaza m'kamwa ngati madzi m'ndowa:
ukudya? ukugona? akukuzunza kuntchito?
bwanji osabwerera kuno?
Ndinawameza onse.

Ndinakoka mipando iwiri
kuiika kumene ukonde waponya mthunzi.
Tinakhala pansi.
Tsamba lina linagwera pabondo pake,
sanalichotse.
Patapita nthawi anati, "Bambo,"
ine ndinadikira.