Makhadi M'pepala la Shuga

Bambo anga anadula nzimbe ku Nchalo zaka makumi awiri ndi zitatu.
Chikwanje chinawadyera chala chimodzi,
mwaye wa minda yotenthedwa unkawatuluka m'mphuno mpaka Lamulungu.
Atapuma ntchito, dokotala anati: muli ndi shuga.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Ndiye penshoni yanga imeneyo,
andilipira m'magazi."

Pawindo la chipatala pamatuluka dzanja lokha
kubweza kabuku.
Atha. Mubwere mwezi wa mawa, apo ayi kaguleni.
Kaguleni!
Mawu opepuka ngati thonje
kwa munthu amene thonje lake linapita pa ngongole.

Ndiye anaphunzira masamu ena:
kudula piritsi pakati ndi lezala,
theka Lolemba, theka Lachitatu,
Lachiwiri madzi a nimu ndi pemphero.
Phazi linayamba kuiwala nthaka.
Munga wa mthethe unalowa ku chidendene,
tinauona ndife, iwo osaumva.

Khadi linabwera mu Okutobala,
mbuzi zikulimbirana mthunzi wa mlambe.
Fagesi wa ku famase analemba dzina lawo ndi zilembo zazikulu:
ZUZE ALUFANDIKA.
"Mukaonetsa ili, pa makwacha khumi aliwonse
anayi atsala m'thumba mwanu."
Bambo analitembenuza, nalinunkhiza.
N'la chipani? Ayi.
N'katapila? Ayi.
"Nanga mwini wake akudyapo chiyani?"
Fagesi anakanda m'mutu ndi cholembera.
Ine mpaka lero sindidziwa.

Koma khadi silipalasa njinga.
Kuchoka kwathu kuseri kwa Ngabu, kupita n'kubwerera,
ulendo umameza anayi aja
n'kupempha ena.

Ine ndine wakabaza.
Masamu anga ndimachitira m'miyendo.
Usiku wina, udzudzu utandikaniza tulo pakhonde,
ndinawerenga makomo a m'mudzi mwathu
amene ali ndi lezala pawindo.
Anakwana asanu ndi awiri.

Mai Nsayi, amene magazi awo amathamanga kuposa minibasi.
Mwana wa Jofirisi, wakugwa,
amene anapsa mkono pa mbaula chaka chatha.
A Semba, chifuwa cholira ngati chitseko cha malata.
Ena sinditchula,
matenda awo amayenda atafunda chitenje.

Tsopano Lachisanu loyamba la mwezi, tambala asanalire,
ndimagogoda.
Aliyense khadi lake, kabuku kake, ndalama zomanga pa kansalu,
ndi kangachepe ka thukuta langa.
Zonse ndimakulunga m'pepala la shuga lopanda kanthu,
chifukwa madzi atasefukira muja
tinaona inki ikusungunuka,
mayina a mankhwala n'kupita ndi Shire.

Fagesi amandiona ndili patali, fumbi mpaka m'nsidze.
"Wabwera ambulansi!"
Amayala makhadi pa kauntala ngati wajuga,
koma juga iyi aliyense amabwerako ndi kanthu.
Tsiku lina mankhwala a khunyu anali atakwera.
Khadi linachotsa zake, zotsalazo zinali phiri ndithu.
Ndinawonjezera za tayala.
Ndinabwerera ndikukankha njinga, limu likulira m'miyala.

Mwezi wathawu makomo anali asanu ndi limodzi.
A Semba tinawaika Loweruka,
mphumu inawapeza usiku, kutali ndi Lachisanu.
Akazi awo anandipatsa khadi:
"Kapatseni wina, lisawole."
Fagesi anati dzina silisinthika.
Ndimaliyendabe nalo m'pepala muja,
limakwera ulere.

Si kuti moyo watchipa, ayi.
Mchere wakwera, sopo wakwera,
mapira mbalame zagawana nafe.
Chala cha bambo sichinamere.

Koma dzulo m'mawa ndinawapeza kuseri kwa khola,
kagalasi kosweka atakatsamiritsa pa mtondo,
piritsi lathunthu lili pa lilime,
madzi m'kapu,
lezala ija m'dzanja,
akumeta ndevu.